Kwa achemwali a ku Manchester amene bonongwe wawagwera pawindo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, chithunzi chijanso ndachikuza kuti ndione bwino. Mwati munafesa bonongwe m'mabeseni awiri kumayambiriro kwa Novembala pawindo la kukhitchini, anamera bwinobwino, kenako anangotalika ngati ulusi, kuyezuka, n'kugona pansi. Mukufunsa ngati mbewu yake ndi yakale kapena dothi la kuno ku UK ndi lakufa. Ayi, mbewu ilibe mlandu. Ikanakhala yakale sikanamera mothinana chonchija. Chamupha ndi mdima, madzi angomalizitsa.

Kwathu tsiku silisintha kwenikweni, limangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse, dzuwa lili pamutu. Kuno m'Disembala ku Manchester kumawala maola osakwana 8, ndipo dzuwa lakelo limangokwawa m'munsi, kuseri kwa nyumba za anzathu, masiku ambiri litaphimbidwa ndi mitambo. Ifeyo maso amatinamiza, timaona ngati m'khitchini mukuwala chifukwa tikutha kuwerenga, koma mmera sunamizika. Ukasowa kuwala umathamangira m'mwamba kukakufuna, tsinde n'kuonda mpaka kulephera kusenza timasamba take tiwiri. Onjezanipo kuti bonongwe ndi mbewu ya kutentha. Kumbukirani mmene amamerera yekha padzala kapena pakhola lakale mvula yoyamba ikangogwa, nthaka ikadali yotentha ndi dzuwa la Okutobala. Inu mwatsata Novembala wa kwathu, pamene Novembala wa kuno ndi khomo la chisanu.

Musanagule china chilichonse, tsegulani kampasi ya pafoni muone kumene mawindo anu ayang'ana. Kuno dzuwa limadutsa chakummwera, ndiye windo loyang'ana kummwera ndilo dimba lanu. Lakum'mawa kapena lakumadzulo limathandizako m'chilimwe. Lakumpoto musavutike nalo, ngakhale litakula bwanji.

Ine ndakhala ku Leeds zaka 6, pansanjika yachitatu, popanda ngakhale kakhonde, ndipo zimene zimandipatsa ndiwo m'miyezi yozizirayi ndi mbewu zikuluzikulu zomwe timagula m'sitolo kuti tiphike. Njere yaikulu imabwera ndi kamba wake m'mimba, imatha kutulutsa masamba oyamba ngakhale kuwala kuli kochepa, pamene kanjere ka bonongwe, kochepa ngati mchenga, kalibe chosungira. Zija amalemba kuti black-eyed beans paphukusi ndi khobwe weniweni, masamba ake ndi chitambe chomwe chija. Nyemba zouma zimakupatsani khwanya. Sawawa wouma, amene amamutcha marrowfat peas, ndiye amapirira kuzizira kuposa onsewa, ndipo nsonga zake zanthete n'zokoma mukangozikazinga pang'ono ndi anyezi. Tengani dzanja limodzi, viikani m'madzi usiku umodzi, m'mawa mwazani mothinana pakompositi yonyowa m'beseni lobowola pansi, fotserani pang'ono, kuzama kwa chikhadabo. Pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kuthyola. Musadikire kuti zikule ngati za kumunda, idyani zikadali zanthete, ndipo pa masabata awiri aliwonse fesani beseni lina kuti musamadukize.

Ndinene zoona, beseni limodzi silingadyetse banja. Limatulutsa kapoto kamodzi, kokwana anthu awiri. Koma tsiku loyamba limene ndinatendera chitambe changa ndi chiponde, fungo litadzaza m'nyumba kunja kukugwa chipale, ndinaimirira pachitofu misozi ikulengeza. Mwana wanga, wobadwira konkuno, ananyambita mbale n'kufunsa kuti masambawa dzina lake n'chiyani.

Chachiwiri ndi kholowa. Gulani mbatata imodzi yolimba bwino, ibayeni timitengo totokosera m'mano titatu pakati, muikhazike pakamwa pa botolo lamadzi theka lake litamira. Ikani pofunda, sinthani madzi kawiri pasabata. Imachedwa, ina imatha mwezi wathunthu ili duu, musaitaye msanga. Ikatulutsa mphukira zotalika ngati chikhatho, zibenthuleni, ziikeni m'kapu yamadzi mpaka zitulutse mizu, kenako muziwokere m'ndowa. M'nyengo ino zimakula mwaulesi, koma kukangofunda zimayanga windo lonse ndipo mumathyola nsonga sabata ndi sabata. Apa ndichenjeze ena omwe akuwerenga: ndikunena mbatata ya kholowa. Masamba a kachewere ali ndi poizoni, sadyedwa. Anyezi wamasamba ndiye wosavuta, mukadula musataye kumizu, imikani m'kapu yamadzi ochepa, amaphukanso kawiri kapena katatu.

Tsopano za madzi, chifukwa pachithunzi chanu dothi likunyezimira ndipo beseni sindikuliona mabowo. Ife tinazolowera kudimba, kuthirira m'mawa ndi madzulo chifukwa dzuwa limamwa madzi onse. M'nyumba m'chisanu palibe chomwa madziwo. Amangokhala pansi, mizu n'kusowa mpweya, tsinde n'kuwola pamene lakhudzana ndi dothi. Bowolani mabeseniwo ndi msomali wotentha, ikani thireyi pansi. Musanathirire pisani chala m'dothi mpaka pamfundo yoyamba, ngati mukumva chinyontho siyani, mubwerenso mawa. Mukayamba kuona tintchentche takuda tikuuluka mukagwedeza beseni, dziwani kuti mwachulutsa madzi, timaswana m'kompositi yosauma. Lekani pamwamba paume ndithu, timachepa tokha. Dothi la panja kapena la kupaki musatape, limagwirana ngati njerwa m'beseni. Gulani thumba la kompositi yolembedwa multipurpose, ili ndi chakudya cha masabata angapo oyambirira, pambuyo pake muzithira feteleza wamadzi wosungunula monga alembera pabotolo.

Chinanso chimene ambiri sitichiganizira: m'nyumba za kuno radiator, chotenthetsera m'nyumba chija, imakhala pansi pa windo penipeni. Mbewu imapsa kumizu madzulo, usiku n'kuzizidwa ndi galasi, makamaka mukatseka katani n'kuisiya kuseri kwake. Sunthirani mabeseni m'kati pang'ono usiku, ndipo muzipukuta thukuta la pagalasi m'mawa, nkhungu ingadere khoma n'kukuyambanitsani ndi eni nyumba.

Ngati mtima wanu uli pa bonongwe basi, njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi nyale ya LED yolimira mbewu. Ya mawati 20 imakwana mabeseni awiri, muipachike pafupi, masentimita 20 kapena 30 pamwamba pa masamba, iziyaka maola 14 patsiku. Ndinawerengetsera, imadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 8 pamwezi. Mukaiika kutali kudenga ndiye mwangotaya ndalama. Yachiwiri, imene ine ndimakonda, ndi kudikira. Fesani kumapeto kwa Epulo kapena m'Meyi. Pofika Juni kuno kumawala maola pafupifupi 17, kuposa kwathu, ndipo bonongwe amakula modabwitsa. Sakanizani njere ndi kamchenga kouma kuti zisagwere pamodzi, musazikwirire kwambiri, ingopondani ndi chikhatho. Zikamera patulirani, zozulazo ndi ndiwo kale. Zotsalazo zikafika msinkhu wa chikhatho ndi theka tsinani nsonga kuti zichite nthambi, ndipo ngaiyaye zikangoonekera zichotseni, apo ayi masamba amaleka. Mukachulukidwa m'Ogasiti futsani, yanikani, musunge mfutso wa m'Januwale monga ankachitira amayi athu.

Mbewu yake simuyenera kuitanitsa kumudzi. Anzathu a ku Caribbean amadya bonongwe yemweyu, amamutcha callaloo, ndipo njere zake zimagulitsidwa kuno ndi dzina limenelo kapena amaranth. Izi ndikunena chifukwa wina poyankha funso lanuli walangiza kuti mungotuma munthu akubisireni m'chikwama. Malamulo a kuno salola kulowetsa mbewu zodzala mwachisawawa, zambiri zimafuna chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo si bwino kuika m'bale wanu pamavuto pabwalo la ndege chifukwa cha kanthu kopezeka konkuno. Mpiru ndi repu nazonso zimapezeka, ndipo izi zimakonda kozizirira, mutha kuyamba kufesa m'Malichi.

Tsabola ndiye amafuna kuleza mtima. Wa mtundu wa kambuzi amafunika kufesedwa m'Febuluwale pamalo ofunda kwambiri, madigiri 25 kapena kuposerapo, ndipo amatha masabata atatu kapena anayi asanatulutse mutu. Akachita maluwa, kumbukirani kuti m'nyumba mulibe njuchi kapena mphepo. Masana muzigwedeza kamtengoko pang'onopang'ono, kapena kukhudza duwa lililonse ndi kathonje, apo ayi maluwa amangoyoyoka. Muzisuzumiranso kuseri kwa masamba, nsabwe zimakonda tsabola wa m'nyumba. Mukaziona msanga, kutsuka ndi madzi pasinki kumakwana. Ukadutsa Okutobala musamuzule, ingomuduliraniko n'kuchepetsa madzi. Wanga ali m'chaka chachitatu m'ndowa ya malita 10.

Nkhwani ndiye ndikukanizeni. Dzungu limafuna malo ndi dzuwa lambiri, pawindo limangokupatsani masamba ochepa otuwa ndi nkhungu. Ngati mukuufunitsitsa, lembetsani dzina ku khonsolo ya dera lanu kuti mupeze kamunda kobwereka kamene amati allotment. Mzere wake umatalika, choncho lembetsani lero lomwe.

Loweruka likubwerali khuthulani mabeseni awiriwo, muwatsuke ndi sopo, muwabowole, muthiremo kompositi yatsopano. Limodzi khobwe, linalo sawawa, mbatata pabotolo pambali pake. Njere za bonongwe zotsalazo zikulungeni m'pepala, muziike m'kabati mouma mpaka Epulo. Mukaona kumene windo lanu layang'ana mundiuze pansipa, tione ngati nyale ikufunika.