Kodi madzi a m'kapu imodzi ndi ofanana paliponse?

Funso: Ndinamva kuti asayansi ena amati madzi a m'kapu imodzi sakhala ofanana paliponse. Wamalonda wina akutsamira pa mfundo imeneyi potsatsa madzi a m'mabotolo, ponena kuti tizigawo take tinasanjidwa mwapadera kuti tizilowa msanga m'thupi. Kodi zoona zake n'ziti? Mphunzitsi, Zomba.

Yankho: Aphunzitsi, mbali yoyamba ya zimene munamvazo ili ndi maziko, koma yachiwiriyo ilibe. Tizigawo ta madzi timatchedwa mamolekyulu, ndipo molekyulu imodzi ndi yaing'ono kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nanomita, pamene nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Iliyonse imagwirana mosalimba ndi zinzake zoyandikana nayo, kawirikawiri zinayi. Madzi akaundana, kugwirana kumeneku kumakhazikika n'kusiya mipata, ndipo n'chifukwa chake ayisi amayandama komanso botolo lagalasi lodzaza limasweka likaiwalidwa mufiriji.

M'chaka cha 1892, Wilhelm Röntgen, yemwe pambuyo pake anatulukira X-ray, anapereka ganizo lakuti m'madzi osaundana muli masanjidwe awiri osakanikirana, ena otayana ngati a ayisi ndi ena othinana. Ganizoli linathandiza kufotokoza chinthu chodabwitsa chakuti lita imodzi ya madzi imalemera koposa pa madigiri 4 a Celsius, osati pa 0. Mu 2009, Anders Nilsson ndi Lars Pettersson a ku Sweden pamodzi ndi anzawo, atayesa madzi ndi X-ray, analengeza kuti aona zizindikiro za timagulu totere tokula pafupifupi nanomita imodzi. Alan Soper wa ku Britain ndi akatswiri ena anatsutsa, nati zimenezi n'kuthinana ndi kutayana wamba kumene kumachitika m'zamadzimadzi zonse. Mtsutsowu ndi wofunika, ndipo ine ndikuona kuti ndi woyenera kuufotokozera ophunzira anu monga momwe ulili.

Komabe mbali zonse ziwiri zimagwirizana kuti mamolekyulu amasiyana n'kugwirananso ndi ena m'kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1 thiriliyoni a sekondi. Choncho kagulu kalikonse kamene kangapangike kamatha nthawi yomweyo, ndipo palibe makina amene angakasanje kuti kakhalebe chomwecho m'botolo mpaka tsiku limene mudzagule. Musawonjezere ndalama chifukwa cha mawu a wamalondayo. Pa botolo yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi chivindikiro chosatsegulidwa.