Funsani Malume: Manambala a bwana akundimana tulo

FUNSO: Malume, ndimakhala ku Matawale, ndinamaliza za makompyuta pa Chanco ndipo ndimalembera code kampani ina yakunja ndili pakhomo pompano. Vuto bwana safunsa ngati pulogalamu ikuyenda, amangotsegula Jira, pulogalamu yolondolera ntchito, nkuwerenga matiketi (tintchito) amene ndatseka ndi ma commit (kangati ndatumiza code imene ndasintha), ndiye magetsi akazima masana ndimachezera mpaka 2 koloko kuti nambala yanga isatsike. Sprint (chigawo cha masabata ochepa a ntchito) yathayi ndinamenya ma point 30, manambala amene timapatsa ntchito iliyonse, pano akuti 30 yo ndiye poyambira. Msana ukuwawa, kwa amayi ku Chinamwali ndatha mwezi osapondako. Nditani?

YANKHO: Mphwanga, unaonapo waganyu wopalira akamalipidwa pa mzere? Amangokanda pamwamba kuti mizere ichuluke, pakatha sabata udzu uli biriwiri. Za ku ofesi kwanuko ndi zomwezo. Katswiri wa zachuma waku Britain, Charles Goodhart, anaziona mu 1975, kuti muyezo ukasanduka chinthu chothamangira basi sumanenanso zoona. Ma point anawapanga kuti timu izitha kuyerekeza kulemera kwa ntchito isanayambe, osati kukhala sikelo yoyezera munthu, ndiye iweyo ukachezera nkufikitsa 30 wadzikwezera wekha chingwe chodumpha, bwana sakudziwa kuti 10 mwa amenewo unagula ndi tulo.

Ku Apple mu 1982 mabwana ankafuna fomu ya mizere ya code imene aliyense walemba pa sabata. Mmodzi wa olemba code kumeneko, Bill Atkinson, anakonza pulogalamu nkuifupikitsa, ikuthamanga kuposa kale, pa fomupo nkulemba -2000. Dashibodi ya bwana wakoyo bwenzi itamutcha waulesi.

Za msanazo usazitenge mwachibwana, mabungwe a padziko lonse oona za umoyo (WHO) ndi za ntchito (ILO) anapeza mu 2021 kuti ogwira maola 55 kapena kuposa pa sabata chiopsezo chawo cha sitiroko chimakwera ndi 35%. Lamulo lathu la ntchito la 2000 limati maola 48, zoposa apo ndi ovataimu yolipidwa, koma poti kampaniyo ndi yakunja yamba wawerenga kontrakiti, mwina anakulemba ngati waganyu chabe.

Ma sprint awiri akubwerawa uzilemba mu kope maola ako enieni, kuphatikiza othandiza anzako ndi osaka bug (zolakwika mu code), poti amenewo Jira sawaona. Pokonza sprint yotsatira ukaonetse bwana maolawo, unene ma point amene ungathe mu maola oyenera. Loweruka lino laputopu isiye pa tebulo ukaone amayi, ndi pafupi pomwepa, kabaza akakufikitsa.