Madzi otuluka pansi pa mphika waukulu wa maluwa a m'nyumba

Mayi wina wanditumizira imelo yomwe ndaiwerenga kangapo, chifukwa vuto lawo ndi lomwe limagwera aliyense wosunga zomera m'nyumba zomerazo zikakula. Iwo ali ndi zomera za masamba akuluakulu zotchedwa Monstera komanso Ficus lyrata m'miphika ikuluikulu yoti munthu mmodzi sangainyamule, ndipo miphikayo ili pabalaza pomwe pansi pake ndi pa matabwa. Akathirira mokwanira, madzi amadzaza mbale ya pansi pa mphika n'kusefukira pa matabwapo. Poopa zimenezi anayamba kuthira madzi ochepa, kapu imodzi masiku awiri alionse, koma tsopano masamba akuuma m'mphepete ndipo pamwamba pa dothi pachita zoyera ngati phulusa. Funso lawo ndi lakuti: kodi atseke zibowo za pansi pa mphika, kapena apitirize kuthira madzi ochepa oti asamatuluke?

Mayi, zonse ziwirizi musachite. Madzi otuluka pansi pa mphika si chizindikiro chakuti mwalakwitsa, ndipo chomera chanu chikuwafuna kuti atuluke. Chofunika ndi chakuti akatuluka apeze pofikira, ndipo asabwererenso m'dothi.

Ndiyambe ndi zoyera zomwe mukuona pamwamba pa dothizo. Umenewo ndi mchere wochokera mu feteleza ndi m'madzi omwe mumathirira. Chomera chimamwa madzi, ena amauma ndi mpweya, koma mchere wambiri umatsala m'dothi, ndipo ukachuluka mizu imavutika kukoka madzi ngakhale dothi lili lonyowa. N'chifukwa chake masamba amapsa kunsonga ndi m'mphepete. Njira yochotsera mcherewu ndi madzi odutsa m'dothi lonse n'kutulukira pansi. Alimi a zomera za m'miphika amathirira mpaka gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a madzi omwe athira atatuluka. Kapu imodzi ija imangonyowetsa masentimita ochepa a pamwamba, pamene mizu yambiri ya chomera chachikulu ili pakati ndi pansi pa mphika, komwe mwina ndi kouma gwa.

Kutseka zibowo ndiye koopsa kwambiri. Mizu imapuma, ndipo mpweya umene imapuma umakhala m'timipata ta pakati pa dothi. Timipatato tikadzaza madzi kwa masiku angapo mizu imabanika, imayamba kufa, kenaka tizilombo toyambitsa kuwola monga Pythium ndi Phytophthora timapeza polowera. Chomvetsa chisoni n'chakuti chomera chowola mizu chimafota ngati chili ndi ludzu, choncho mwini wake amawonjezera madzi n'kuchimaliziratu. Ineyo ndinataya Ficus elastica yomwe ndinailera zaka zisanu mwa njira yotereyi. Inali mu mphika wapulasitiki wokhala ndi zibowo, koma mphikawo ndinaulowetsa mu wina wokongola wopanda chibowo, ndipo sindinkasuzumiramo. Tsiku lomwe tinautulutsa, pansi panali madzi akuda ofika theka la chala, onunkha ngati mazira owola, ndipo mizu ya m'munsi inali yofewa moti inkangosupuka khungu ndikaigwira. Ndimaikumbukirabe, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Mwina wina wakuuzani kuti muike miyala pansi m'kati mwa mphika kuti madzi azikadikha kumeneko. Malangizo amenewa ndi ofala, koma sathandiza. Madzi satsika mosavuta kuchoka m'dothi losalala kulowa m'miyala; amayamba akhuta m'dothimo kufikira litalephera kuwasunga. Zotsatira zake n'zakuti gawo la matope lomwe likanakhala pansi penipeni pa mphika limakwera m'mwamba, pafupi ndi mizu. Miyala ili ndi ntchito, koma ntchito yake ili kunja kwa mphika.

Chimene ndingakulangizeni kuposa china chilichonse ndi kukweza mphika m'kati mwa mbale yake. Pezani mbale yakuya, ya masentimita 5 kapena kuposerapo, yotambalala kuposa tsinde la mphika mwakuti dzanja lanu likhoza kulowa pakati pa mphika ndi mlomo wa mbale. M'mbalemo ikani zidutswa zitatu kapena zinayi za njerwa kapena miyala yaphanthiphanthi, ndipo mphika ukhale pamwamba pake, zibowo zili pamtunda. Mukatero, madzi otuluka amagwera pansi osakhudza dothi, mpweya umadutsa kunsi kwa mphika, ndipo mukachedwa kuwachotsa chomera sichivulala. Mphika ukakhala m'madzi mwachindunji, dothi limawayamwanso pamodzi ndi mchere womwe unatuluka uja, ndipo zikatero madziwo sayenera kukhalamo kupitirira mphindi 30.

Mbaleyo ikhale yapulasitiki yolimba, yachitsulo chosachita dzimbiri, kapena yadothi yopakidwa zonyezimira. Mbale yadothi wamba imaoneka bwino, koma imachucha chinyezi pang'onopang'ono, ndipo pa matabwa ngati anuwo imasiya chizindikiro chakuda chozungulira chomwe sichichoka ndi chikolopa. Ngakhale mbale yosadontha imatha kusunga chinyontho kunsi kwake, n'kuyambitsa chuku pa matabwa kapena pa kapeti, choncho ndi bwino kuti nayonso isagone pansi penipeni. Kathabwa kokhala ndi mateyala, kopangidwira miphika yolemera, kamathetsa zimenezi, ndipo kamakulolani kukankha chomera pokolopa kapena pochitembenuzira ku kuwala. Musanagule, onani kulemera komwe kangathe kunyamula. Mphika wotambalala masentimita 40 umalowa dothi lokwana malita 30 kapena kuposerapo, lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo mukaphatikiza mphika ndi chomera chenichenicho mupeza kuti ndi katundu wosayenera kumuika pa timateyala tofooka. Pa tsiku loika zonsezi mupemphe munthu wina akuthandizeni kunyamula, pakuti ndi ntchito ya kamodzi kokha.

Tsono madzi a m'mbale muwachotse bwanji popeza mphika sunyamulika? Akakhala ochepa, siponji yaikulu kapena thaulo lakale n'zokwanira: mumaviika, n'kufinyira mu ndowa. Jekeseni yaikulu yopanda singano imafika m'malo opanikizika, ngakhale imafuna kudekha. Akakhala ambiri, ine ndimagwiritsa ntchito kapaipi kapulasitiki kopyapyala, konga ka anthu oweta nsomba m'galasi. Mumakadzaza madzi ku mpopi, n'kutseka mbali zonse ziwiri ndi zala, kenaka mbali imodzi mumaimiza m'mbale ndipo inayo mumaitsitsira m'beseni lomwe lili m'munsi kuposa mbaleyo. Mukachotsa zala madzi amayenda okha. Njirayi imagwira pokhapokha mbale ili pamwamba kuposa beseni, ndipo ichi ndi chifukwa china chokwezera mbaleyo pa kathabwa kaja. Musamakoke madziwo ndi pakamwa, chifukwa muli feteleza ndi zonyansa za m'dothi. Musawathirenso m'chomera chomwecho kapena china cha m'mphika, katayeni panja.

Ngakhale mphika uli pa njerwa, madzi asagone m'mbale sabata yathunthu. Nyengo ikakhala yotentha, udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha ndipo pakatha masiku 7 mpaka 10 umakhala wayamba kuuluka m'nyumba mwanu.

Pali chinthu china m'kalata yanu chomwe ndikufuna muchionetsetse. Mwanena kuti madzi amatuluka mukangothira. Dothi lonyowa bwino silitulutsa madzi msanga chotero. Dothi la m'miphika logula m'matumba, makamaka lokhala ndi peat (zotsalira za zomera za m'madambo zomwe zinawolerana), likauma kwambiri limakana madzi ndipo limakhwinyata n'kusiya mpata pakati pa ilo ndi khoma la mphika. Madzi amatsetsereka mumpatamo mpaka pansi, mbale imasefukira, inu n'kuganiza kuti mwathira ambiri, chonsecho pakati pa mizu sipanalowe dontho. Miyezi yomwe mwakhala mukuthira kapu imodzi iyenera kuti yafikitsa dothi lanu pamenepa. Yendetsani chala m'mphepete mwa mphika. Mukapeza mpata, kanikizirani dothi kukhoma ndi kuwonjezera lina pang'ono. Kenaka thirani theka la lita mozungulira tsinde, dikirani mphindi 10, thiraninso, ndipo mupitirize chomwecho mpaka madontho oyamba atagwera m'mbale. Pamenepo onjezani pang'ono ndi kuleka.

Pochita zimenezi gwiritsani ntchito botolo lomwe mukudziwa kukula kwake, ndipo muwerenge mabotolo omwe alowa madzi asanayambe kutuluka. Mukachita kawiri kapena katatu mudzadziwa muyeso wa mphika uliwonse, mwachitsanzo kuti wa Monstera umamwa malita atatu n'kutulutsa makapu awiri, ndipo kusefukira kudzatha. Muyesowu udzatsika m'miyezi yozizira kapena pamene kuwala kwachepa, chifukwa chomera chimamwa pang'ono. Kuti mudziwe tsiku lothirira, chala chokha sichifika patali pa mphika waukulu, choncho lowetsani kamtengo kosalala mpaka pansi, kasiyeni mphindi zochepa, n'kukazula. Kakatuluka konyowa ndi dothi lomatirira kuyambira pakati, dikirani masiku ena.

Popeza mchere wachuluka kale, zomera zanu zikufunika kutsukidwa kamodzi. Palani dothi loyera la pamwambalo, pafupifupi masentimita awiri, n'kulitaya. Ndiyeno kankhirani mphika ku bafa kapena pakhonde, pomwe madzi angayende momasuka, ndipo thirani pang'onopang'ono madzi ochuluka kuwirikiza kawiri kukula kwa mphikawo. Usiyeni udonthe mpaka utaleka, bwezeretsani dothi latsopano pamwamba, ndipo musathire feteleza kwa mwezi umodzi. Masamba omwe anapsa m'mphepete sadzabiriwiranso, ndipo mukhoza kudula mbali youmayo ndi sizasi yoyera. Chomwe muyang'anire ndi tsamba latsopano lotsatira, ngati latuluka losapsa.