Kodi pulezidenti wa America amaopa chani kwenikweni?

Achemwali ena ake andilembera imelo, akuti akhala akukangana ndi bambo a kunyumba kwawo. Bambowo akuti ku America pulezidenti sangalumphe malamulo chifukwa konsitityushoni yawo ndiyolimba, achemwaliwo akuti bodza, mwini asilikali ndiye mwini dziko basi. Ndiye akufuna ine ndiweruze. Achemwali mwandikanda pachilonda, chifukwa nkhani ya zolembedwa papepalayi inandidanitsapo ndi anthu.

Zaka zapitazo ndinali mlembi wa kabungwe kathu ka maliro, tinkasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akaferedwa tigule bokosi, ufa, nkhuni ndi mafuta a galimoto. Malamulo tinalemba tokha mu kope la hadikava, ndi dzanja langali, ndipo limodzi linkati ndalama sizituluka popanda siginecha ziwiri, ya tcheyamani ndi ya msungichuma. Tsiku lina a tcheya anabwera nati akufuna atengeko ndalama akaode chimanga chikadali chotchipa, adzabweza ndi phindu, ndi zothandiza gulu lomweli. Munthu wake wodziwa kuyankhula, wa mawu ofewa, ndipo mwina mumtima mwake munalibe zoipa. Mamembala onse ziii, ena kuyang'ana pansi, ena eti "a tcheya akudziwa zomwe akuchita". Kope lija linali pathebulo pomwepo lotsegula koma silinadzuke kukawagwira dzanja. Amene anakana ndi msungichuma, mayi wina wogulitsa mandasi, anangobweza cholembera m'chikwama nati "ine sindisayina, kaitanitseni msonkhano wa anthu onse". Abale anawanena mayi aja, eti amwano, eti akudzimva, pamaliro otsatira azimayi anzawo anachita kuwasala pophika. Ine ndinawaikira kumbuyo ndiye mpaka lero pali ena moni wake timapatsana wapatali. Koma ndalama sizinatuluke.

Ndiye ine ndikamawerenga mbiri ya America ndimasaka anthu okana kusayina. Tengani pulezidenti Richard Nixon. Mu June 1972 anthu asanu anagwidwa atathyola ofesi ya chipani cha Democratic, chopikisana ndi cha Nixon, mu nyumba yotchedwa Watergate ku Washington, kenako zinaululika kuti Nixon ankajambula mawu a zokambirana mu ofesi mwake. Loya wofufuza nkhaniyo, Archibald Cox, anati matepiwo abwere. Pa 20 October 1973 Nixon analamula nduna yake ya zamalamulo Elliot Richardson kuti amuchotse ntchito Cox, iye anakana ndikutula pansi udindo. Wachiwiri wake William Ruckelshaus nayenso anakana ndikuchoka. Wachitatu, Robert Bork, ndi amene anachita. Taonani pamenepo, wovomera kusayina amapezeka ndithu mukamatsika m'munsi, koma awiri aja atakana dziko lonse linadziwa kuti pali chobisika. Pa 24 July 1974 khothi lalikulu linagamula, majaji onse 8 mawu amodzi, kuti apereke matepi, ndipo atatu mwa majajiwo anawaika pampando ndi Nixon yemweyo. Anapereka. Tepi imodzi inamveka iye akuvomereza zoti bungwe la akazitape la CIA litsekereze kafukufuku wa apolisi ofufuza milandu a FBI pa nkhani ya Watergate ija, akuluakulu a chipani chake chomwe cha Republican anapita kukamuuza kuti mavoti omuteteza kuti asachotsedwe pampando atha, pa 9 August anachoka.

Ya pulezidenti Harry Truman ndi imene ndimaikonda kwambiri chifukwa iyeyo anali ndi chifukwa chomveka. Mu April 1952 nkhondo ya ku Korea ili mkati, ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo amafuna kuyamba sitalaka, iye anati zipolopolo ndi akasinja tipanga ndi chani, ndiye analamula nduna yake ya zamalonda Charles Sawyer kuti boma lilande mafakitalewo liziyendetsa lokha. Eni makampani anathamangira kukhothi. Pa 2 June majaji a khothi lalikulu 6 kwa 3 anati ayi bwana, kukhala mkulu wa asilikali sikukupatsani mphamvu yolanda katundu wa anthu kumudzi kuno, lamulo lotero ndi la Congress, Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, kupanga ndipo sinapange. Truman anakwiya koma anabweza mafakitale, sitalaka inachitika masiku 53, dziko silinathe.

Mpaka apa bambo a kunyumba kwanu akumwetulira. Adikire kaye.

Mu 1832 khothi lomwelo, pansi pa jaji wamkulu John Marshall, linagamula kuti malamulo a boma la Georgia alibe mphamvu pa malo a anthu a mtundu wa Cherokee. Georgia inangonyalanyaza, pulezidenti Andrew Jackson yemwe amafuna anthuwo asamuke sanasunthe ndi chala chomwe, pofika 1838 asilikali anawatulutsa m'nyumba zawo ndikuwayendetsa ulendo wopita komwe lero kuli Oklahoma, anthu pafupifupi 4,000 anafa ndi matenda, njala ndi kuzizira. Chigamulo chinalipo, cholembedwa bwinobwino. Ndiye mu February 1942 pulezidenti Franklin Roosevelt anasayina lamulo lomwe linachititsa kuti anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa chi Japan, ambiri mwa iwo nzika zobadwira ku America konko, atsekeredwe m'makampu popanda mlandu, ndipo apa khothi silinakane nkomwe, mu 1944 pa mlandu wa Fred Korematsu, yemwe anakana kusamutsidwa, majaji 6 kwa 3 anati boma lachita bwino. Kupepesa kunadzabwera mu 1988, aliyense wotsala moyo kupatsidwa $20,000, ena ambiri atagona kale. Ine pamenepa ndiye sindinyengerera, amene amati konsitityushoni ya America imateteza aliyense sanaiwerenge mbiriyo. Imagwira ntchito msanga ngati wolakwiridwayo ali ndi ndalama ndi maloya ngati eni mafakitale aja, kapena ngati andale anzake a pulezidenti aona kuti akumira naye limodzi. Wosauka ndi wodedwa amadikira zaka makumi anayi.

Roosevelt yemweyo mwa njira ina anandikumbutsa zakwathu. Mu 1937 atatopa ndi majaji omwe amamukanira malamulo ake anafuna kuwonjezera majaji ena mpaka 6, koma a chipani chake chomwe ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, ndi amene anaipha bilu imeneyo. Anawina zisankho kanayi, chifukwa nthawi imeneyo zoti matemu awiri zinali mwambo chabe wochokera kwa pulezidenti wawo woyamba George Washington, anachita kuzilemba mu konsitityushoni mu 1951 iye atamwalira. Ife kuno tinali titalemba kale, komabe mu July 2002 bilu yochotsa malire a matemu inangoperewera mavoti atatu okha ku Nyumba ya Malamulo. Atatu! Tangoganizani aphungu atatu akanadzuka ndi maganizo ena m'mawa umenewo.

Ndiye akulondola ndani?

Achemwali mwawina ndinu koma osati ndi zigoli zonse. Musanene kuti mwini asilikali amachita chilichonse, chifukwa Truman ndi Nixon anali nawo asilikali ndipo anagonja. Nenani kuti pepalalo limaluma pokhapokha jaji, nduna kapena phungu wavomera kudana ndi bwana wake. Mukafuna zowerenga sakani pa intaneti milandu imeneyi, Youngstown 1952 (wa Truman uja), United States v. Nixon, Worcester v. Georgia ndi Korematsu, zonse zilipo zaulere.

Ndipo bambowo akalimbikirabe afunseni izi. Konsitityushoni imati yolengeza nkhondo ndi Congress, koma inalengeza komaliza mu 1942. Ku Korea ndi ku Vietnam asilikali anapita ndikufa masauzande popanda chilengezo chimenecho, mpaka mu 1973 Congress inachita kupanga lamulo lina loti pulezidenti aziidziwitsa pasanathe maola 48 akatumiza asilikali kunkhondo, ndipo Nixon analikana, aphungu anachita kulidutsitsa pomuposa mavoti. Akayankha mundilembere.