Kodi ophunzira sayansi ya zamoyo tiwaletse kugwiritsa ntchito AI?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pa yunivesite ina. Posachedwapa wophunzira wanga anabweretsa lipoti lolembedwa mwaluso, koma nditafufuza mabuku awiri amene anawatchulamo ndinapeza kuti kulibe mabuku otero, anachita kupekedwa ndi ChatGPT, pulogalamu ya AI (nzeru zochita kupanga za makompyuta) yolemba mawu. Anzanga ena akuti tingoletseratu AI m'kalasi. Kodi kuletsa kungawakonzekeretse bwino achinyamatawa ntchito zimene adzagwire?

Mphunzitsi wodera nkhawa

YANKHO: Aphunzitsi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma kuletsa sindikugwirizana nako, chifukwa m'malabotale amene ophunzirawa adzagwiremo ntchito AI inakhazikikamo kale. Pulogalamu ya AlphaFold, yopangidwa ndi kampani ya DeepMind, inaonetsa mu 2020 kuti ingathe kulosera mmene puloteni (chimodzi mwa zinthu zomanga thupi la chamoyo) imapindikira, ntchito yomwe kale inkatenga miyezi kapena zaka, ndipo pofika 2022 inali italosera maonekedwe a mapuloteni oposa 200 miliyoni. Mu 2024 Demis Hassabis ndi John Jumper a ku DeepMind analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi, ndipo anagawana mphotoyo ndi David Baker, amene analandira chifukwa chopanga mapuloteni atsopano pogwiritsa ntchito kompyuta. Mukawabisira ophunzira chida chotere, adzachiphunzira okha mwakabisira, popanda wowawongolera.

Zimene munaonazo zili ndi chifukwa chake. Mapulogalamu olemba mawu ngati ChatGPT amasanja mawu potengera amene amakonda kutsatana, choncho angathe kupeka dzina la buku, mlembi ndi chaka chomwe, zonse zooneka ngati zenizeni. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wophunzira azidziwa kuti chilichonse cholembedwa pansi pa dzina lake adzayankha yekha, ndipo n'chifukwa chake magazini a sayansi monga Nature analengeza mu 2023 kuti ChatGPT singalembedwe ngati mlembi wa kafukufuku, ndiponso kuti amene waigwiritsa ntchito azinena poyera.

Komabe vuto limene ine ndimaliopa kwambiri si mabuku opeka, pakuti amenewo mphunzitsi wakhama amawagwira. Ndimaopa tsankho lobisika m'zimene makompyuta anaphunzirapo. Pa kafukufuku wamkulu wofufuza mgwirizano wa majini (tizinthu ta m'maselo timene mwana amatengera kwa makolo) ndi matenda, pofika 2019 anthu pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse amene anayezedwa anali ochokera ku makolo a ku Ulaya, chikhalirecho kusiyanasiyana kwa majini ndi kochuluka kwambiri pakati pa anthu a mu Africa. Pulogalamu yophunzira pa zinthu zopendekera chonchi imalosera bwino za gulu limodzi n'kuphonya za ena, koma yankho lake limatuluka ndi chidaliro chofanana. Mu 2019 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti pulogalamu ina yogwiritsidwa ntchito m'zipatala za ku America inkachepetsa kukula kwa matenda a anthu akuda, chifukwa inkayeza kudwala potengera ndalama zimene zinagwiritsidwa kale ntchito pa wodwalayo, pomwe pa anthu akuda pankagwiritsidwa ndalama zocheperapo. Palibe amene analamula kompyutayo kusala anthu. Muyeso umene anaipatsa ndiwo unali wolakwika. Choncho wophunzira wanu azolowere kufunsa kuti zinthu zimene pulogalamu inaphunzirapo zinachokera kwa ndani, ndiponso kuti ndani anasiyidwa.

Pa chinsinsi cha odwala sipafunika mawu ambiri: zotsatira za magazi kapena za DNA ya munthu zisamalowetsedwe m'mapulogalamu a pa intaneti popanda chilolezo cha mwini wake ndi cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku. Muwafotokozerenso kuti chida chofufuzira mankhwala chingatembenuzidwe n'kukhala chopwetekera anthu, monga mmene ofufuza ena anaonetsera mu 2022, pamene pulogalamu yawo inapereka mitundu 40,000 ya makemikolo amene angakhale poizoni m'maola osakwana 6.

Kunena za wophunzira uja, ndikanakhala inu ndikanamubwezera lipotilo kuti afufuze yekha buku lililonse ndi chiwerengero chilichonse, kenaka aimirire pamaso pa anzake n'kufotokoza pamene kompyuta inanama ndi mmene anazindikirira. Kuyambira pamenepo lipoti lililonse lizikhala ndi ndime yonena pulogalamu imene yagwiritsidwa ntchito, ntchito imene inapatsidwa, ndi njira imene wolembayo anatsimikizira zotsatira zake.