Funsani Dokotala: Lolemba akudwala, Loweruka akuseka. Ndi matenda kapena ulesi?

FUNSO: Adokotala, ndine Mmalawi, ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Osaka. Mnzanga wa konkuno ku Japan, mnyamata wa zaka 26, anabweretsa kalata ya kuchipatala yoti ali ndi matenda ovutika maganizo ndipo anamupatsa tchuthi. Koma Loweruka timamuona pa Instagram akuseka ndi anzake. Akuluakulu a pa ofesi akuti ndi ulesi basi. Kodi matenda amasankha masiku?

YANKHO: Zikomo pomudera nkhawa mnzanuyo. Zomwe mwafotokozazi madokotala a ku Japan akhala akukangana nazo kwa zaka zambiri, ndipo manyuzipepala a kumeneko anazitcha shin-gata utsu, kutanthauza kuvutika maganizo kwa mtundu watsopano.

Wodwala amene madokotalawo anamuzolowera kale anali bambo wachikulire, wakhama, wosaphonya ku ntchito, amene akadwala amadziimba yekha mlandu, amakana kupuma, ndipo ngakhale nsomba imene amaikonda imamukoma ngati udzu. Mu 2005 dokotala Shin Tarumi wa pa Kyushu University ku Fukuoka analemba za odwala ena osiyana nawo: achinyamata amene amalefukiratu akakhala ku ntchito kapena ku sukulu, amapepukidwa akachokako, amaloza chala bwana kapena malamulo a kampani, ndipo amapita okha kuchipatala n'kunena kuti "ndikudwala maganizo". Ambiri anakula chuma cha Japan chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene lonjezo lakale loti kampani idzakusunga mpaka kupuma pa ntchito linayamba kutha mphamvu. Dokotala wina wa ku Japan, Takahiro Kato, ndi anzake anapitiriza kafukufukuyu ndipo anakonza mafunso 22 otchedwa TACS-22, oyeza zinthu zitatu: kuthawa maudindo, kudandaula za ena, ndi kudziona wachabechabe.

Chachitatucho n'chimene akuluakulu a pa ofesi yanu sachiona. Mnyamata wolankhula ngati wonyada nthawi zambiri mumtima amakhala atadzitaya kale.

Komabe dziwani kuti shin-gata utsu si dzina lovomerezeka la matenda. Mulibe m'buku la DSM-5 limene madokotala a maganizo amagwiritsa ntchito. Ine ndimaliopa dzinali, chifukwa likangotchulidwa anthu amasiya kufufuza. Dokotala wosamala amayamba ndi zodziwika: kodi kwa milungu iwiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, munthuyu ali ndi zizindikiro zosachepera 5 mwa 9? Izi ndi monga kukhumudwa, kusasangalala ndi kalikonse, kusowa tulo kapena kugona mopitirira muyeso, kusintha kadyedwe, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kuganiza za imfa. Mafunso a PHQ-9, oyeza zizindikiro zimenezi, amathandiza poyambira, koma salowa m'malo mwa kukhala pansi ndi wodwalayo. Dokotala amayezanso magazi, poti chithokomiro chosagwira bwino ntchito kapena kuchepa kwa magazi kumafooketsa munthu mofananamo.

Pali funso lina limene sindilidumpha kwa wachinyamata aliyense: kodi panakhalapo masiku angapo otsatizana amene ankagona maola ochepa osatopa, kulankhula mothamanga, kumwaza ndalama, kudzimva kuti angathe chilichonse? Ngati inde, akhoza kukhala matenda a bipolar, amene munthu nthawi zina amasangalala mopitirira muyeso ndipo nthawi zina amakhumudwa kwambiri, ndipo mankhwala wamba a kuvutika maganizo akaperekedwa okha angathe kuwautsa. Ena amapezeka ndi ADHD (vuto la kusakhazikika maganizo) kapena autism (vuto lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi ena) zimene palibe anazizindikira ali mwana. Enanso akuzunzidwadi ndi bwana, ndiye kupepukidwa kwawo kwa Loweruka n'komveka.

Chithunzi cha pa Instagram chimajambulidwa m'kamphindi. Sichionetsa Lamlungu usiku pamene mtima ukugunda, kapena Lolemba m'mawa munthu atavala kale suti, wakhala pakhomo nsapato zili m'manja, miyendo ikukana kupita ku siteshoni ya sitima.

Kwa odwala a mtundu umenewu, mapilitsi ndi tchuthi chachitali pazokha kawirikawiri sizikwanira. Kukhalitsa kunyumba kungathe kumulowetsa mu hikikomori, kudzitsekera m'nyumba miyezi 6 kapena kuposa. Kafukufuku amene boma la Japan linatulutsa mu 2023 anayerekeza kuti anthu otere a zaka 15 mpaka 64 alipo pafupifupi 1.46 miliyoni. Chimene chimathandiza kwambiri ndi uphungu wokhazikika, kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ndi kubwerera ku ntchito pang'onopang'ono mogwirizana ndi dokotala wa pa kampani. Akapatsidwa mankhwala, aziwonedwa pafupipafupi m'milungu yoyambirira, chifukwa maganizo odzipha angathe kukula panthawiyi, makamaka kwa osafika zaka 25.

Inu mulembereni mnzanuyo uthenga waufupi, wopanda ulaliki, womuitanira kukadya limodzi. Akatchula zoti moyo watopa nawo, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha. Muperekezeni kwa dokotala wake tsiku lomwelo, kapena imbani ku mabungwe opereka uphungu pa foni: Inochi no Denwa, kapena TELL ngati mukufuna kulankhula Chingerezi. Zikafika pangozi imbani 119, nambala yoitanira ambulansi ku Japan.