Funsani Aphunzitsi: masamu a thirayango akumuliza mwana wanga

Aphunzitsi, ine ndimakhala ku Mabvuku konkuno ku Harare, kwathu kwenikweni ndi ku Dedza. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 1, mayeso a boma a ZIMSEC a Giredi 7 anakhoza bwinobwino koma pano masamu a ma thirayango akumuliza, akuti manambala akungowaona pa bolodi mutu wake sakuwumva. Ine sukulu ndinasiyira panjira, bambo ake ndi omanga nyumba koma akuti za m'buku iwo ayi. Nde ndimuthandize bwanji?
Mayi wodandaula, Mabvuku

Mayi, zikomo potilembera, ndipo musadandaule chifukwa thandizo lili m'nyumba mwanu momwemo. Tiyambe ndi lamulo lomwe limabwera pafupifupi pa mayeso aliwonse: makona atatu a thirayango iliyonse, kaya yaikulu kaya yaing'ono, mukawaphatikiza amakwana madigiri 180 basi. Musamuuze kuti aloweze ayi, muuzeni adule thirayango papepala, ang'ambe makona atatuwo n'kuwayika moyandikana nsonga zake zikumane pamodzi, aona yekha kuti apanga mzere wowongoka, ndipo mzere wowongoka ndi madigiri 180. Mwana akaona ndi maso ake chonchi saiwalanso. Nde funso likati kona ina ndi 70 ina ndi 50, iye angophatikiza kupeza 120, achotse pa 180, yotsalayo ndi 60.

Kuchokera pamenepa zina zimangotsatira zokha. Mbali zonse zitatu zikakhala zofanana kutalika ndiye kuti makona onse ndi 60 60 60. Zikafanana mbali ziwiri zokha, makona awiri oyang'anana ndi mbali zimenezo amafanananso, nde ya pamwamba ikakhala 40 zotsala ndi 140, mugawe pawiri, 70 uku 70 uku. Apa ana ambiri amagwa chifukwa saona timizere ting'onoting'ono timene amalemba pa mbali zofananazo, amathamangira kuwerengera asanayang'anitsitse chithunzi. Mumuchenjeze zimenezo.

Tsopano za bambo akewo, ine sindikuvomereza kuti za m'buku sazidziwa. Afunseni mmene amapezera kona ya nyumba akamayamba maziko. Amisiri ambiri amakhoma zikhomo, n'kuyeza 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, ndipo chingwe chodutsa pakati chikakwana 5 ndendende amadziwa kuti kona ili sikweya, madigiri 90. Ena amayeza masentimita 60, 80 ndi 100, n'chimodzimodzi. Limenelotu ndi lamulo la Pythagoras, Mgiriki wa pa chilumba cha Samos amene anakhalako zaka zoposa 2,500 zapitazo, ndipo mwana wanu akumana nalo posachedwapa. Limati 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16, kuphatikiza 25, ndipo 25 ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Koma limagwira pa thirayango yokhala ndi kona ya 90 yokha, ndipo mbali yaitali kwambiri ndi ija yoyang'anana ndi kona ya 90, izi azikumbukire chifukwa ana amalipaka paliponse. Ndikupempha ndithu, Loweruka likubwerali bambo atenge tepi ndi chingwe apite naye panja mtsikanayu, tepiyo agwire yekha, manambala awerenge yekha. Akamuonetsenso mitanda ya denga mmene anailumikizira m'ma thirayango, chifukwa thirayango olo muikankhe bwanji siipotoka ngati chinthu cha makona anayi.

Pali kalamulo kena komwe kamaiwalika, mbali ziwiri zilizonse mukaziphatikiza ziyenera kuposa yachitatu. Adule timitengo ta masentimita 2, 3 ndi 6 ayese kutilumikiza, sititsekeka, tiwiri tatifupito sitifikana.

Za kukula kwa malo a mkati mwa thirayango, achulukitse tsinde, kutanthauza mbali ya pansi, ndi msinkhu n'kugawa pawiri, tsinde 8 msinkhu 5 ndi 40, theka lake 20. Msinkhuwo ndi woima chilili kuchokera pa tsinde kufika pa nsonga, osati mbali yopendekeka ija.

Ngati alibe seti ya masamu mumugulire, yokhala ndi rula ndi pulotirakita yoyezera makona, azijambula yekha ma thirayango osiyanasiyana n'kumayeza makona. Akapeza 179 kapena 181 asakhumudwe, ndi pensulo chabe yanenepa nsonga, aisongole ayezenso. Temu ikatha mudzatilemberenso mmene wakhozera.